Tsiku Limene Namazira Anakoka Galimoto ya Mlongo Wake

Dzina lake lenileni ankalidziwa ndi a kuchipatala ndi a ku ofesi ya malaisensi basi. Enafe tinkangoti Namazira, chifukwa kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ankaperekera mazira m'magolosale, m'malesitilanti ndi m'mabekale pa kapikapu kake koyera. Anali mayi wamfupi, wa mapewa otambalala, wolankhula pang'ono ngati mawu amachita kugula. Pampando wake ankaikapo kapilo kuti aziona bwino kutsogolo. Madalaivala a minibasi ankamudziwa ndi kumunyoza komwe, poti iye akafika pa dzenje lililonse la pamsewu ankaima kaye ngati akulipatsa moni. Akamuimbira hutala sankatembenuka n'komwe.

"Wofulumira andidutse," ankatero. "Ine ndanyamula ana a eni ake."

Mwamuna wake anali telala wa pakhonde, wa maso ofooka, amene sanagwirepo chiwongolero chibadwire. Ankauza makasitomala ake kuti iye anakwatira pamitala, kungoti mnzake wa pamitalayo ali ndi matayala anayi ndipo ndiye wokondedwa. Sikunali kunama kwenikweni. Loweruka lililonse m'mawa Namazira ankayala chiguduli pansi, kugwada, kuyang'ana oyilo, madzi ndi mpweya wa m'matayala, kenako n'kumvetsera injini atapendeketsa mutu ngati namwino.

Munthu mmodzi yekha ndiye ankatha kumusuntha pa maganizo ake: mlongo wake wamng'ono. Makolo awo atamwalira, Namazira anali ndi zaka makumi awiri, mwanayo zisanu ndi chimodzi. Anamulera yekha, kumusambitsa, kumuperekeza kusukulu, kumupepesera kwa aphunzitsi. Dzina loti Mzime linamukanirira mpaka ndevu. Atakula anayamba ntchito yotsatsa nyumba za anthu, n'kumavala nsapato zosongoka ndi mafuta onunkhira omveka munthu asanalowe pageti.

Chaka china Mzime anagula galimoto yothamanga yogwiritsidwapo kale ntchito, yofiira, ya zitseko ziwiri, yogwada pansi ngati ng'ona. Tsiku limene anabwera nayo kudzaonetsa, ana a mumsewu wonse anaizungulira. Telala anayesa kukhalamo, koma potuluka anachita kumukoka manja anthu awiri. Namazira anangoizungulira kamodzi n'kufunsa kuti katundu amaikidwa pati.

Patangotha miyezi inayi galimotoyo inafa injini pa hotela ina ya m'tauni ya pamwamba pa phiri, kumene Mzime anapita kukaonetsa nyumba. Inakhala pamenepo masabata atatu. Wina anazulako galasi la m'mbali. Eni hotela anati likafika Lachisanu isanachoke aikankhira kumsewu.

Lachitatu masana Mzime anapeza mlongo wake akusanja mathireyi m'shedi.

"Achemwali, ndi ntchito ya tsiku limodzi lokha. Ngolo yonyamulira ndabwereka kale kwa mnzanga. Chasowa n'chokokera."

"Kuli malole a ntchito imeneyo."

"Amenewo ayi. Ulendo wina anandithyolera bampala ndi matcheni awo. Sadziwa kugwira chinthu chabwino."

"Kanga kaja n'konyamula mazira, iwe."

"Inunso achemwali! Galimoto yanga ili ndi mipando iwiri yokha. Ana asukulu atatu akhoza kuikankha."

Namazira anapitiriza kusanja mathireyi ake. Madzulo ake anapita kwa makaniko wake, bambo wachikulire amene tinkamutchula a Sipanala, wopanda zala ziwiri kudzanja lamanzere. Atamva nkhaniyo anatsegula chitseko cha pikapu, n'kupukuta ndi chala kachitsulo kolembedwa manambala kamene kali pamphuthu. Anatola choko, n'kulemba pasimenti kulemera kwa galimoto yofiirayo, pansi pake kulemera kwa ngolo, n'kuphatikiza. Nambala yotulukayo anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Kukoka kakoka, mayi," anatero. "Ngakhale bulu amakoka ngolo ya njerwa. Koma akafika pamtsetse, woyendetsa amakhala ndani, bulu kapena njerwa?"

"Ndiyenda pang'onopang'ono."

"Inu muyenda pang'onopang'ono. Nanga cha kumbuyocho mwagwirizana nacho? Ngoloyo ili ndi mabuleki akeake?"

Namazira anaimbira foni mlongo wake pomwepo. Mzime anati akuganiza kuti ili nawo, ngolo zonse zimakhala nawo. A Sipanala anapukusa mutu, n'kugogoda ndi nsapato chitsulo chokokera cha kumbuyo kwa pikapu.

"Ichi ndinawotcherera ndine, kuti muzikokera kangolo ka mathireyi opanda kanthu. Ndikudziwa zimene ndinapangana nacho. Za galimoto sitinakambirane."

Namazira anabwerera kunyumba atatsimikiza zokana, ndipo m'mawa mwake anakanadi. Mzime sanakwiye. Anangokweza mapewa.

"Palibe vuto, achemwali. Mnzanga wa ngoloyo ali ndi kapikapu ngati kanuka. Ndimubwereka, ndiyendetsa ndekha."

Pamenepo ndiye panathera mphamvu za Namazira. Ankadziwa kayendetsedwe ka mlongo wake: dzanja limodzi pachiwongolero, lina pafoni, phazi losadziwa kuti buleki amaponda ngodya isanafike. Anamuona m'maganizo ali pamtsetse uja yekha.

"Mawa sikisi koloko ukhale pageti," anatero.

Lachisanu m'mawa telala anawaperekeza mpaka pamsewu, tepi yake ili m'khosi. Sanachite nthabwala. "Mayi, mtima wanga sukupita nawo ulendowu," anatero motsitsa mawu. Namazira anamuuza kuti asaiwale kupatsa nkhuku madzi.

Ngolo anakaitenga kuseri kwa nyumba ya mnzake uja, m'maudzu. Inali yaitali kuposa pikapu, ya matayala anayi osalala ngati mutu wadazi. Namazira anagwada n'kusuzumira pansi pake. Mabuleki analipodi kale, koma nthambo yake inali itaduka, ikulendewera, nsonga yake yadzimbiri.

"Tikonza tikabwera," anatero Mzime.

Pokwera phiri ngolo yopanda kanthu inkadumphadumpha n'kumalira kumbuyo. Namazira ankawerenga ngodya chamumtima. Zinakwana khumi ndi imodzi kuchokera pa mlatho wopapatiza wa m'munsi, pamene pali siteji ya mabasi ndi timabenchi ta ogulitsa zipatso. Pa ngodya yachiwiri okonza msewu anali atathira mulu waukulu wa mchenga m'mbali mwa khoma la phiri. Mbali inayo kunali phompho, ndi tizipilala toyera, tina togwa.

Ku hotela ntchito inavuta. Mphuno ya galimoto yofiira inali yotsika kwambiri moti inkakhula pa matabwa okwerera. Mzime anakuwa ngati amuponda chilonda, n'kulamula alonda a pahotelapo kuti aitembenuze, ikwere chambuyo. Inakweradi, koma injini yake, yomwe ndi mtolo wonse, inakakhala kumapeto kwenikweni kwa ngolo. Namazira anaona kumbuyo kwa pikapu kukunyamuka pang'ono m'malo motsika.

"Katundu wolemera amakhala kutsogolo," anatero. "Ngakhale mazira timasanja choncho. Itsike, tiitembenuze."

"Ikhulika, achemwali. Komanso taonani kumwambaku."

Mitambo inali itadetsa kale mbali ya kuchigwa. Nthawi inali itapitirira thu koloko. Mlonda wina wachikulire, amene anathandiza kumanga malamba, anayang'ana ngolo, n'kuyang'ana kapikapu, kenako anavula chipewa. "Muyende ndi Mulungu, amayi," anatero, osaseka.

M'tauni zinayenda bwino, ndipo Mzime anayamba kuimba mluzu. Atafika poyambira mtsetse, Namazira anaika giya yachiwiri. Injini inalira mokweza, kulira kumene iye anali asanakumvepo pa zaka zonsezo. Pa ngodya yoyamba anamva chinthu chikumukankha pamsana, osati mwamphamvu, koma ngati munthu wosaleza mtima pamzere wa kuchipatala. Anaponda buleki. Kukankhako kunasiya, kenako kunabweranso.

Pa ngodya yachinayi kunayamba kuwaza. Pa yachisanu fungo linalowa m'galimoto, fungo la mphika wopserera wopanda madzi. Mzime anasiya mluzu.

"Chikununkhacho n'chiyani?"

"Mabuleki."

"Tiime kaye ndiye."

"Pati?"

Panalibe poima. Khoma mbali iyi, phompho mbali iyo. Namazira anayang'ana pagalasi n'kuona nyali zakumbuyo za galimoto yofiira zikusuzumira kumanja, kenako kumanzere, kenako kumanjanso. Ngolo inali itayamba kugwedeza mchira. Kugwedeza kulikonse kunkakula kuposa kwapitako, ndipo chiwongolero chinayamba kupepuka m'manja mwake ngati matayala sakugunda pansi.

"Achemwali, pondani buleki."

"Ndaponda."

"Pondani kwambiri!"

Phazi lake linali litafika kale pansi. Buleki inali itafewa ngati buledi wonyowa. Anaipopa kawiri, katatu, inagwira pang'ono, n'kutayanso. Ngodya yachisanu ndi chitatu anaidutsa matayala a ngolo akulira, ndipo kachipilala kamodzi koyera kanathyoka n'kugwera kuphompho osamveka pofikira. Mzime anagwira dashibodi ndi manja awiri, milomo ikuyenda popanda mawu.

Atatuluka pa ngodya yachisanu ndi chinayi, chigwa chonse chinaonekera. Pa mlatho panali pataima basi, theka lake lili mumsewu, anthu akutsika ndi katundu, ana asukulu akuthamangira pansi pa timabenchi kuthawa mvula. Pakati pa iye ndi anthuwo panatsala ngodya ziwiri ndi mulu wa mchenga uja.

"Gwira zolimba," anatero Namazira.

"Achemwali, galimoto yanga!"

"Ndati gwira."

Anakhotetsa chiwongolero n'kulunjika pamuluwo. Wokonza msewu amene anali ndi mbendera yofiira anaitaya n'kudumphira m'ngalande. Pikapu inalowa mumchenga mpaka pagalasi. Kamphindi komweko ngolo inafika, inapindika ngati mpeni wa m'thumba, n'kumenya mbali ya dalaivala. Malamba anaduka. Galimoto yofiira inatsetsereka, inagudubuzika kamodzi, n'kukatsamira khoma la phiri matayala ali m'mwamba, limodzi likuzungulirabe.

Kenako kunangoti zii. Kunkangomveka mvula pa malata a pikapu ndi nthunzi ikutuluka pansi pa mchenga.

Mzime anatulukira pawindo, magazi akuchucha pachipumi. Okonza msewu aja anatiuza pambuyo pake kuti galimoto yake sanaiyang'ane n'komwe. Anakwawa kuzungulira muluwo, n'kuyamba kufukula mchenga ndi manja pachitseko cha mlongo wake, akukuwa kuti, "Amayi! Amayi!" Namazira anali maso, atatsamira chiwongolero, mkono wake utapindika pamalo pamene palibe mfundo. Mawu ake oyamba anali ofunsa ngati basi ija yachoka.

Anathyoka mkono pawiri ndi nthiti zitatu, ndipo anagona m'chipatala masabata asanu. Apolisi anabwera ndi mafunso awo, iye anayankha onse osamutchula mlongo wake ngakhale kamodzi. Telala ankafika tsiku lililonse ndi fulasiki ya tiyi, kukhala pambali pa bedi n'kumasoka mabatani a anthu. A Sipanala anabwera kamodzi. Sananene kuti ndinakuuzani. Anangoti msana wa pikapu wapindika, ayesa kuuwongola, koma asayembekezere kuti kadzakhalanso ngati kale.

Mazira sadikira wodwala. Magolosale awiri anapeza wina wowaperekera. Otsalawo anawasunga ndi Mzime, amene anasiya zotsatsa nyumba kwa miyezi inayi n'kumayendetsa kaveni kobwereka. Sabata yoyamba anaswa mathireyi khumi ndi anayi. Mwezi wachiwiri madalaivala a minibasi anayamba kumuimbira hutala nayenso. Galimoto yofiira anaigulitsa kwa ophwasula zitsulo, ndipo mpaka lero palibe amaitchula pamaso pake.

Kapikapu kanabwerera pamsewu, koma kamayenda chammbali pang'ono ngati nkhanu ndipo kamadya matayala akutsogolo msanga. Chitsulo chokokera chija Namazira anauza a Sipanala kuti achidule. Mkono wake suwongoka bwino, moti mathireyi amanyamula awiriawiri m'malo mwa asanu. Makasitomala a m'tauni ya paphiri anawasiyira ena.

Tsiku lina ndikumuthandiza kutsitsa katundu pagolosale yanga, ndinamufunsa ngati amakumbukira kugunda kuja. Anati ayi, phokosolo silinamukhale m'mutu. Chimene amachiona, nthawi zina ali pakati posanja mazira, ndi mayi wina amene anali pa mlatho paja, wa ambulera yachikasu, mwana kumsana, atawerama kusankha malalanje.

"Sanadzutse mutu n'komwe," anatero Namazira. "Mpaka pano sadziwa."

Anaika thireyi pakauntala, n'kutulutsamo dzira limodzi losweka, n'kundipatsa lina.