Tsiku Limene Malume Zuze Analankhula pa Wayilesi

Ndikukumbukira wayilesi ya bambo kuposa mmene ndimakumbukirira nyumba imene tinamanga titabwerera ku Nsadzo. Inali yakuda, yosweka pakona, yomangidwa ndi mphira wa njinga, ndipo inachokera nafe ku Zambia kumene tinathawira nkhondo. Poyenda ulendo wobwererawo mayi anasenza mapoto, ine ndinasenza mphasa, koma bambo ananyamula wayilesi yokha, ataikulunga m'jekete lawo. Mayi sanaiwale zimenezi mpaka ukalamba wawo.

Ntchito yanga inali kuyanika mabatire padzuwa kuti apezeko mphamvu. Anzathu amene sanathawe ankawatchula kuti mapilya, potengera Chipwitikizi, ndipo ankatiseka kuti tabwera ndi Chizungu cha m'kampu. Koma dzuwa likapendeka, onsewo ankabwera pansi pa mtengo wa mango wa pakhomo pathu, aliyense ndi kampando kake, chifukwa mudzi wonse wayilesi inali imodzi yomweyo.

Pulogalamu imene ankaikonda inali ya mkulu wina amene ankayendayenda m'misika ndi makina ojambulira mawu, n'kumafunsa anthu maganizo awo. Lero za chisankho, mawa za minda imene obwerera anapeza ena akulima, mkuja za ng'oma ndi nyimbo zatsopano za atsikana. Kwa anthu amene anakhala zaka akunong'onezana, kumva munthu wamba akudandaula mokweza, dziko lonse likumva, chinali chinthu chodabwitsa. Amuna a pansi pa mango ankayankha wayilesiyo ngati ikuwamva. Bambo ankailoza chala. Azimayi sankaitanidwa, koma ankapezeka kuti ntchito zawo zonse zagwera chapafupi, ndipo mayi anga ankapeta chimanga chopetapeta kale.

Mayi anali ndi mlongo wawo mmodzi, malume Zuze. Tsiku limene tinathawa, iwo anali atapita kudimba, ndipo sanaonekenso. Munthu wina anadzatiuza ku Zambia kuti anawaona atagona m'mbali mwa njira. Titabwerera, akuluakulu a banja anati mzimu sungamangoyendayenda wopanda pogona, choncho anadula thunthu la nthochi, analikulunga mu nsalu, n'kukaliika kumanda m'malo mwa thupi. Tinalira, tinameta, mowa unaphikidwa. Kuyambira pamenepo dzina la malume linkatchulidwa motsitsa mawu. Ine sindinkawakumbukira bwino nkhope. Chimene aliyense ankanena n'chakuti anali munthu wa makani, woti ukati kwacha amayamba wasuzumira panja.

Tsiku lina masana, nyengo ya mango osapsa, pulogalamu ija inali yojambulidwa ku Cassacatiza, pamalire ndi Zambia. Nkhani inali ya mlatho wina umene unagumuka pa nkhondo. Wofunsayo anali kufotokoza kuti anthu adekhe, zinthu zikonzedwa, pamene mawu ena anamudula.

"Imani pomwepo, bwana! Munati tivote, tavota. Nanga mlathowo ukudikira kuti nawonso uvote?"

Kenaka munthuyo anaseka, ndipo kuseka kwake kunathera m'kamluzu kopyapyala. Amuna onse anagwa nacho chiseko. Koma kumbuyo kwathu lichero linagwa pansi, chimanga n'kumwazika, nkhuku n'kuthamangira. Mayi anali ataimirira.

"Ameneyo ndi Zuze," anatero.

Bambo anatsitsa wayilesi, chinthu chimene sankachita ngakhale kubwere mlendo. "Amake Rozina, khalani pansi. Alamu tinawaika. Anthu amafanana mawu."

"Mawu amafanana, koma dzino ayi. Linaguluka atagwa mumtengo wa masuku, ine ndili pansi ndikutola. Mluzu umenewo ndaumva kuyambira ndili mwana."

Dzina la munthuyo silinatchulidwe, ndipo pulogalamu inapitirira ndi za mtengo wa thonje. Madzulo ake nkhani inali itafika mudzi wonse. Azakhali ena anabwera kudzawalangiza mayi kuti kudzutsa dzina la womwalira n'kuitana tsoka pa ana. Ena ankati chisoni chawasokoneza mutu. Ine ndinachita mantha kwambiri, osati ndi mzimu, koma poona anthu akuwayang'ana mayi anga ndi maso achifundo amene amayang'anira wodwala. Ndinkadziwa kuti akapita n'kubwera chimanjamanja, adzakhala mayi uja anamva maliro akulankhula pa wayilesi mpaka imfa yawo.

Mayi sanakangane ndi aliyense. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. M'mawa anakazinga chimanga, anamanga nsalu m'chiuno, n'kuuza bambo kuti akupita ku Cassacatiza, akafuna awakweze pa njinga, akapanda kufuna miyendo ali nayo. Bambo anang'ung'udza, anapopa matayala, n'kunditenga inenso kuti pobwerera pakhale wowatonthoza mayi. Tinkakwera mosinthana, pena tonse n'kumayenda, osapatuka m'njira ngakhale pang'ono chifukwa m'tchire munali mabomba okwirira. Ndimakumbukira fungo la phulusa la lupsa, thukuta la pamsana pa bambo, ndi midzi ya mabwinja imene mapapaya okha ndiwo ankasonyeza kuti panali anthu.

Ku Cassacatiza kunali magalimoto akuluakulu, fumbi, ndi anthu olankhula zinenero zosakanikirana. Bambo anayamba kufunsa mwaulemu m'magolosale ngati alipo akudziwa munthu wotchedwa Zuze. Mayi sanafunse munthu. Anaima pakati pa msika, anatchera khutu, n'kulunjika kumene kunali phokoso lalikulu. Kuseri kwa malo okonzera njinga, amuna anazungulira munthu wowonda, wa imvi, amene ankatsutsana ndi onsewo nthawi imodzi. Atatsegula pakamwa kuti aseke, ndinaona mpata wa dzino.

Mayi anangokhala pansi m'fumbi n'kuyamba kulira maliro enieni, mokweza kuposa tsiku la thunthu lija. Malume anawayang'ana nthawi yaitali. Aka kanali koyamba ndi komaliza kuwaona atasowa chonena.

Zinadziwika kuti malume anagwidwa ndi ankhondo n'kusenzetsedwa katundu, kenaka anathawa. Atafika kumudzi anapeza phulusa lokhalokha, ndipo wina anawauza kuti tonse tinathera momwemo. Nawonso anatilira, nawonso anameta. Tinali titaikana m'manda, tonse tili moyo.

Kumudzi sanaloledwe kulowa m'nyumba msangamsanga. Akuluakulu anawasambitsa mankhwala panjira, kenaka amuna anapita nawo kumanda kukafafaniza mtumbira uja. Ana sitinkapitako, koma bambo anabwera akupukusa mutu. Akuti malume atauona mtumbirawo anafunsa kuti ndani anasankha malo a chiswe chotere, ndiponso bwanji anawadulira thunthu lalifupi pamene iwo ndi munthu wamtali. Makani anayambira pamanda pawo pomwe. Kuyambira tsiku limenelo pansi pa mango panalibenso mtendere, ndipo mayi anayamba kubwera ndi kampando kawo, popanda wowaletsa.

Masiku ano wayilesi ili m'foni ya aliyense. Anthu amaimba foni ali kumunda, kudandaula za msewu, za sukulu, za oimba amene akuti aononga nyimbo zamakolo. Ana anga amati n'phokoso chabe, anthu ongokonda kumva mawu awo. Ine sinditseka wayilesi. Ndinaona ndi maso anga chimene chimachitika munthu wamba akapatsidwa mpata wolankhula, ndipo palibe angandiuze kuti n'zachabe.

Malume anakhala nafe mpaka anakalamba, akutsutsa aliyense, ngakhale ansembe. Anthu akatopa nawo ankapita kwa mayi kuti awalankhule mlongo wawoyo achepetseko pakamwa. Mayi ankangopitiriza kupeta.

"Musiyeni alankhule," ankatero. "Atangokhala chete kamodzi, tinamuika m'manda."