Duwa la Atelala Lidapulumukira pa Zenera Langa

Atelala amene amasoka pakhonde loyandikana ndi nyumba yathu ndi bambo wachikulire, wa imvi, choko chili kukhutu nthawi zonse. Makina awo ndi opalasa ndi phazi. Kupatula kusoka, mtima wawo wonse unali pa duwa limodzi la m'chidebe, pambali pa makinawo.

Duwali masamba ake ndi aatali ngati malamba. Pakati pamatuluka phesi lodzaza timaluwa, pamwamba kachipewa ka masamba, moti ukaliona umati ndi kachinanazi. Pansi m'dothi lili ndi mutu wonga anyezi. Silidyedwa ayi. Nditangosamukira kuno adandichenjeza kuti mwana wanga wokwawayu asadzalilume. Nyengo yozizira limayoyola masamba n'kugona, ndipo iwo sathirira ngakhale dontho. Amati ukalipatsa madzi lili m'tulo, walipha.

Chaka chatha, iwo ndi akazi awo atapita kukaona mdzukulu, kudagwa chimvula. Lata la pakhonde lidabooka pamwamba penipeni pa chidebe. Pobwera adapeza madzi ali tho, mabowo apansi atatsekeka ndi matope. Atafukula, mutu uja unali utawola, ukungophwanyika m'manja. Masamba ochepa okha ndiwo adatsala obiriwira.

"Tayani, abambo," adatero akazi awo. "Ine nditagona ndi malungo simudadandaule chonchi."

"Inu mudapita kuchipatala, mayi. Ili lipita kuti?"

Adatenga sizasi yodulira nsalu, naipukuta bwinobwino, nayamba kudula masamba aja m'zidutswa zotalika ngati chala. Chilichonse adachilemba choko mbali yakumunsi kuti asachibzale chozondoka. Adazizika mu mchenga wonyowa pang'ono m'mabeseni awiri, navundikira ndi pulasitiki yosungiramo masuti. Lina adaika pafupi ndi makina, linalo adabwera nalo kwa ine.

"Make mwana, zenera lanu limawala koma dzuwa silimenya. Ndisungireni. Mchenga ukauma, muwaze madzi ndi dzanja, basi."

Ndidaliika pamwamba posafika mwana. Masiku amenewo mwanayo ankamera mano, ine ndili kalikiliki ndi matewera, ndiye beseni ndinkangoliwaza n'kupitiriza zanga.

Koma atelala! Munthu adazolowera kuti akasoka pang'ono amatembenuza chovala kuti aone msoko. M'mawa ankazula kachidutswa, kusuzumira ngati mizu yatuluka, n'kubwezera. Kasitomala akangotembenuka, azulanso kena.

"Kodi mukuyesa diresi?" ankatero akazi awo. "Zisiyeni zipume!"

"Ndikungoona, sindikukhudza."

"Nanga chili m'manjamo n'chiyani?"

Zidutswa zawo zidada chimodzichimodzi mpaka m'beseni mudatsala mchenga wokhawokha. Nthabwala zidatha pakhonde, ngakhale makina ankalira mwaulesi. Za beseni langa sadafunse n'komwe. Akazi awo adandinong'oneza kuti akuopa kumva kuti nakonso kwatha.

Patapita miyezi, ndikupukuta zenera, ndidaona tinsonga tobiriwira titasuzumira mumchenga. Ndidabereka mwana, beseni m'manja, ulendo pakhonde. Mayi aja ndiwo adakanda mchenga ndi chala pang'onopang'ono. Pansi pa chidutswa chilichonse padali timitu toyera, tating'ono ngati nyemba, titandandalika.

Atelala adavula magalasi, adawapukuta ndi kansalu, adawavalanso. Dzanja lidayamba kusendera lokha.

"Manja kumbuyo!" adakuwa mayiwo.

"Ndingowerenga, mayi."

"Werengani ndi maso, Mulungu adakupatsani awiri. Ndi magalasiwo anayi."

Tidaseka mpaka mwana adadzidzimuka kumsana. Pomwepo adagwirizana, kapena ndinene kuti mayiwo adalamula, kuti beseni libwerere kwa ine mpaka timitu tikhwime tiyenere kuwokera. Akuti maluwa adzatuluka pakapita zaka zingapo. Ine ndidati n'kutali, koma atelala adati alibe ulendo, adikira.

Tsopano amabwera kudzazonda pazenera panga ali ndi mayiwo pambuyo ngati wapolisi. Kuti manja asasowe chochita, akazi awo adawapatsa msomali ndi hamala, ndipo akamaliza kusoka amaboola zitini zowokeramo. Zitinizo zachuluka kale kuposa timitu. Dzulo adandionetsa chimodzi chopaka utoto wofiira, nati duwa loyamba kuwokedwa ndi langa.