Zotsalira za Thoko

Ndinatuluka m'nyumba ku Maddington itangokwana naini koloko, dzuwa litayamba kale kufewetsa phula. M'thumba ndinali ndi masiki, khadi la sitima, ndi satifiketi ya imfa ya mkazi wanga, Thoko, yomwe inali itayamba kung'ambika m'mapindo chifukwa choionetsa m'maofesi. Ndinkapita ku Crawley kukaonana ndi Mayi Margaret, amene kale ankamupezera Thoko ntchito za zisudzo. Ndinkafuna kukatseka nkhani imodzi.

Thoko anamwalira mwadzidzidzi chaka chathachi, magazi ataundana m'mapapo. Malire anali otseka chifukwa cha mliri, choncho tinamuika konkuno kudziko la eni, kutsidya la nyanja, abale ake ku Dedza akuonera pa foni imene mkulu wa mpingo anaigwira m'mwamba. Kwawo, mwamuna akaferedwa, akuchikazi amamusudzula. Amatulutsa katundu yense wa malemu, amagawa, kenako amamuuza mwamunayo kuti maliro atha, ali womasuka. Zovala ndi ziwiya zake ndinali nditatumiza kale m'mabokosi. Malume ake, a Mbewe, anali atavomera kuti mwambowo tichitire pa foni, ndipo tsiku linali litasankhidwa.

Kenako Mayi Margaret anaimba. Anati pali ndalama zimene zabwera m'dzina la Thoko, ndipo anazitchula ndi mawu achingerezi akuti residuals. Pouza a Mbewe, ndinafunafuna mawu athu, ndipo amene anabwera pafupi ndi akuti zotsalira. Ndinati, "Kwapezeka zotsalira za Thoko."

"Ndiye mwambo uyembekeze," anatero a Mbewe. "Sitisudzula munthu katundu wina ali panjira. Katengeni zonse, tigawe kamodzi."

Sindinali ndi mkazi wina m'maganizo. Ndinali nditangotopa. Kutchalitchi anthu ankatsitsa mawu ndikamafika, ndipo amayi a chigwirizano ankandisiyirabe chakudya pakhomo ngati wodwala. Ndinkafuna wina woyenera anene kuti zatha.

Pa siteshoni makina anadula pafupifupi madola asanu pa khadi. Sitima inabwera yopanda anthu ambiri, aliyense atakhala payekha, maso okha akuoneka. Ndinakhala moyang'anizana ndi bambo wina wovala malaya a olenji a kuntchito. Nditatsegula pa foni uthenga wa mawu umene a Mbewe anatumiza dzulo lake, wondikumbutsa za ulendowu, bamboyo anatukula mutu.

"Ndimwe ba ku Malawi ka?" anafunsa m'Chinyanja cha ku Lusaka. "Muyenda kuti na jekete mu kupya uku? Ku khoti?"

Ndinamuuza kuti ndikukaona za ndalama za sewero lina la pa TV.

"Manje mwalemela, boss. Ife ku Welshpool tinyamula ma TV tsiku lonse. Bantu bankala chabe pa nyumba, bagula monga ni buledi. Muli mu filimu iti? Nikuoneni pa TV."

"Si ine. Ndi mkazi wanga. Anamwalira."

Anayang'ana nsapato zake. "Pepani, mudala," anatero. Tinadutsa kuseri kwa mashedi a malata, mayadi a matayala ndi magalimoto ophwasuka. Potsika pa Welshpool anandigunda ndi chigongono, moni wa masiku amenewo, n'kutuluka mofulumira ngati waiwala chinthu pamoto.

M'tauni ndinafika cha m'ma teni koloko. Ndinagula payi ya nyama pa madola sikisi, nditayamba ndalozetsa foni pa kachizindikiro ka pakhomo kuti boma lidziwe kuti ndinadya payi. Ndinadyera pa benchi, masiki ili pachibwano. Inali yotentha kunja, yozizira pakati. Ndinamaliza chifukwa ndinali nditalipira.

Basi ya ku Stirling Highway sinadulenso kanthu pa khadi, popeza maola awiri anali asanathe. Tinali anthu ochepa: ine, mayi wina wonyamula maluwa, ndi dalaivala amene ankaimira pa siteji iliyonse ngakhale panalibe wokwera, mwina pofuna kuti tsiku lithe. Msewu umatsata mtsinje. Madzi anali mbee, owala mopweteka maso. Pa yunivesite kapinga anali wometedwa bwino koma wopanda munthu, chifukwa ophunzira akunja anali atatsekeredwa kwawo. Thoko anaphunzira pamenepo zaka zimene ine ndinali ndikadali ku Lilongwe, tikukangana pa foni za tsiku la ukwati. Ndi nthawi imeneyo pamene ankachita zisudzo kuti apeze ya lendi. Za sewero la pa TV ankangoti, "Ndinanyamula thireyi basi, usaganize kuti wakwatira munthu wotchuka."

Ndinatsika pa siteji yolakwika, ndipo ndinabwerera wapansi jekete ili pamkono.

Mayi Margaret anali atatseka ofesi yawo ya m'tauni mliri utayamba, ndipo ankagwirira ntchito pakhonde la nyumba yawo, pansanjika yachiwiri. Ndi mayi wachikulire, wamfupi, wa mawu okhuthala ngati wosuta. Ndinapeza ali ndi mlendo wina, mkulu wamtali wa tsitsi loyera dzina lake Des, amene anabwera kudzatenga cheke chake pamanja chifukwa sakhulupirira za pa foni.

"Nawenso wabwerera chuma?" anatero Des, akugwedeza kapepalako. "Ichi chachokera ku Germany. Kumeneko ndimayankhula Chijeremani, ndi mawu a munthu wina amene sindinamuonepo. Chikwana khofi mmodzi, wopanda keke. Ine ndafa kambirimbiri pa TV, mnyamata. Andiwombera, andimiza, andigwetsa pa hatchi. Imfa iliyonse ikundilipirabe."

"Des," anatero Mayi Margaret. "Awa ndi amuna ake a Thoko."

Mkuluyo anapinda cheke chake pang'onopang'ono n'kuchiika m'thumba la malaya. Anandiuza kuti anagwira naye ntchito masiku angapo, ndipo ankaseka nthabwala zake ngakhale zosaseketsa. Atatero anatsika masitepe atagwira chitsulo.

Ndinapereka satifiketi. Mayi Margaret anaijambula ndi foni, n'kundibwezera ndi manja awiri, chinthu chimene sindinaonepo mzungu akuchita. Kenako anafotokoza. Wosewera amalipidwa tsiku limene wajambulidwa, koma malipiro amenewo ndi a kuonetsa seweroli kangapo kokha, m'dziko lino. Likaonetsedwanso kupitirira pamenepo, kapena likagulitsidwa ku dziko lina, kapena ku makampani oonetsa mafilimu pa intaneti, gawo lina la ndalamazo limagawidwa kwa osewera, aliyense malinga ndi kukula kwa mbali yake. Iwo amachotsapo kachigawo kawo, zotsalazo n'kupereka kwa mwini. Mwini akamwalira, zimapita kwa amene wasiyidwa. Sewero la Thoko linali la ana, lakale ndithu, ndipo linali litaiwalika. Koma mliri utatsekera ana m'nyumba padziko lonse, makampani anayamba kufukula chilichonse chimene chingawakhazike pansi.

Ndalama zimene zinabwera sizinali zambiri. Zikanalipira lendi ya sabata imodzi n'kutsala ya mafuta.

"Ndikufuna mundipatse zonse lero," ndinatero. "Za kutsogolo zomwe. Ngakhale zichepe. Kenako mutseke."

"Zonse ndilibe," anayankha. "Palibe amene ali nazo. Za chaka chamawa sizinabadwe. Zidzabadwa ngati kampani ina kwinakwake idzaganize zogula. Mwina kudzabwera kanthu miyezi ikubwerayi, mwina padzadutsa zaka kuli zii, kenako n'kutulukira ya khofi ngati ya Des."

"Nanga ndikazikana?"

"Mukhoza. Koma sewerolo lizionetsedwabe, ndipo ndalamazo zizikhala penapake zili ndi dzina lake. Chavuta n'chiyani, a Phiri? Anthu ambiri amakondwa."

Ndinayesa kufotokoza za kusudzula m'Chingerezi. Zinatuluka ngati nkhani ya kukhoti. Anamvetsera osadula mawu, kenako anafunsa ngati Thoko anandiuzapo mmene anapezera mbali yakeyo. Ndinati ananyamula thireyi.

"Anamulemba ngati wongodutsa kumbuyo," anatero. "Amenewo salandira zimenezi. Amalipidwa tsiku lomwelo, basi. Amene amalandira ndi amene wayankhula. Tsiku loyamba anagunda mpando, makapu anagwa, ndipo anatulutsa mawu a kwanu asanaganize. Wotsogolera anawakonda, anati asadulidwe. Munthu akangoyankhula, malamulo amati walowa gulu lina. Anamulembera mbali, mayi wa m'kantini amene amagwetsa zinthu. Ankanena mawu omwewo nthawi iliyonse, ana ankawayembekezera."

"Mawu ati?"

Anakweza masiki yake pang'ono kuti amveke bwino. "Mawu akuti pepani. Ndatchula bwino?"

Ndinati atchula bwino. Ndi mawu amene ndinali nditawamva chaka chonse, kutchalitchi, pa foni, m'sitima m'mawa womwewo. Ndinayang'ana mtengo wa bulugamu umene unali kutsogolo kwa khondelo mpaka maso atakhazikika.

Anafunsa ngati ndikufuna kuona kachigawo kake, poti anali nako pa kompyuta. Ndinakana. TV yathu inali itayang'ana kukhoma kuyambira sabata ya maliro. Ndinasaina pamene anandilozera, anandipatsa madzi ozizira, ndipo ndinatsika.

Ulendo wobwerera unali wautali kuposa wopita, ngakhale msewu ndi womwewo. Basi inachedwa. M'sitima makina oziziritsa ankangopuma mpweya wofunda, ndipo masiki inanyowa. Pa Welshpool ndinayang'ana pawindo ngati ndingamuone wa malaya a olenji uja, koma panali njinga yokha yomangidwa ku mpanda. Njira yonse ndinkakonza mawu oti ndikawauze a Mbewe, ndipo sankalongosoka. Katundu amene satha kufika amagawidwa bwanji? Ndinadziona ndikukalamba ku Maddington ndili wofedwa, ndikudikira kampani ya ku dziko losadziwika kuti isiye kugula.

Ndinatsika cha m'ma folo koloko. Kumudzi inali teni m'mawa. Ndinakhala pa benchi ya pa siteshoni, ndipo m'malo moimbira a Mbewe ndinaimbira apongozi anga, a Nambewe, mayi ake a Thoko. Anali pamsika pamene amagulitsa mbatata ya kachewere, ndipo kumbuyo ndinkamva oitanira minibasi.

"Mwayenda bwanji, a Phiri? Mwazitenga?"

"Ndatenga zochepa, amayi. Zina sizingatengeke."

Ndinafotokoza pang'onopang'ono, ndikupewa mawu aja akuti zotsalira. Ndinati nthawi iliyonse imene anthu a dziko lina agula sewero limene Thoko analimo, amamulipiranso. Ndinati palibe akudziwa kuti zidzatha liti.

"Dikirani," anatero, ndipo ndinawamva akuuza wogula kuti mulu umenewo sachotsera. Kenako anabwerera. "Ndiye kuti anthu akumuonabe?"

"Ana, amayi. M'mayiko ambiri."

"Akuchita chiyani?"

"Akugwetsa makapu."

Anaseka kamodzi, kuseka kwakufupi kotulukira m'mphuno, kofanana ndi kwa mwana wawo. "Ameneyo ndi iyeyo. Mbale zanga zadothi anamaliza ali sitandade faifi. Achimwene anga amva ngati ndi ndowa ndi mabulangete. Inunso munawasokoneza, munati zotsalira. Zotsalira ndi za munthu amene wamaliza. Uyu akugwirabe ntchito, awa ndi malipiro. Malipiro sagawidwa pa maliro."

"Nanga a Mbewe?"

"A Mbewe ndi anga, ndiyankhula nawo. Loweruka muvale bwino, mutchaje foni. Tikusudzulani."

Ndinathokoza. Mawu anatuluka ochepa kuposa mmene ndinkafunira. Ndinawauza kuti ndalamazo zikamabwera ndizitumiza kwa iwo.

"Zimenezo tidzaona," anatero. "Koma zikabwera muzindiimbira. Ngakhale zikhale za sopo. Ndizidziwa kuti mwana wanga wapita kuntchito."

Kuchokera pa siteshoni kufika kunyumba ndi mtunda waufupi, koma ndinayenda pang'onopang'ono, m'mbali mwa mipanda mmene munali kamthunzi. Ndinanyamuka m'mawa ndikuganiza kuti munthu amamasulidwa zinthu zikatha. Zimene ndinakatseka sizinatsekeke, ndipo Loweruka andimasulabe. Ndikhala womasuka amene nambala ya foni ya ku Dedza sadzaifufuta.

Pakhomo ndinapeza mbale yovundikira ya amayi a chigwirizano, ndipo ndinailowetsa. Ndinavula jekete, ndinabweza satifiketi m'kabati. Kenako ndinagwada, ndinatembenuza TV kuti iyang'ane m'chipinda, ndinapukuta fumbi ndi masiki ija. Sindinaiyatse tsiku limenelo. Rimoti ndinaiika patebulo, pamene ndingaifikire nditakhala.