Dzanja Lamanzere la Mwana Wanga

Mwana wanga wamkazi atayamba kuyenda, anazindikira kuti ali ndi manja awiri, ndipo anakonda lamanzere. Ankaliyang'anitsitsa, kulitembenuza, kuwerenga zala mwachibwana, kenaka kulipisa m'mbale. Ine ndinkangoseka.

Apongozi anga sanaseke. Tinkakhala pakhomo pawo ku Mandimba, mwamuna wanga ali ku Cuamba kokonza njinga zamoto. Pakhomo paja chakudya chimagwiridwa ndi dzanja lamanja basi, linalo ndi la kuchimbudzi. Koma nkhani sinali ya ukhondo ayi. Tsiku lina tikusenda chinangwa, ananena ngati akulankhula ndi mpeni kuti kumtundu kwawo sikunabadwepo wamanzere. Kenaka anafunsa ngati kwathu alipo. Ndinati sindikudziwa. Anangoti ehee, nayamba kukamba za mwamuna wogulitsa nsomba za kunyanja ya Amaramba, yemwe ankadutsa pakhomo pathu ndi njinga, kuti amapereka nsomba ndi dzanja lamanzere.

Mtima unandiwira. Ine ndi wansomba uja, wonunkha utsi! Koma ndikanakalipa akanati chikumbumtima. Kuyambira pamenepo aliyense ndinkamukayikira. Alamu akaseka pachitsime, ndinkati akuseka ine. Apongozi akapita pamsewu kukaimba foni, ndinkadziwa kuti ku Cuamba kwafika mawu.

Mwanayo apongozi anamutenga kuti azidya nawo. Akatambasula lamanzere, kamtengo pa zala, thapu! Ndikamusambitsa ndinkamuona akulibisa kumbuyo, osafuna kuti ndilitsuke.

Mwamuna wanga anabwera Lachisanu pa chapa, kaminibasi konyamula anthu, nkhope yosawerengeka. Sanandiyang'ane bwino. Anakhala pakhonde, natulutsa bisiketi ija timati bolasha m'thumba, nkumuitana mwana. Anaisonyeza dala kumanzere kwake. Apongozi anasiya kupeta. Ine ndinaona kuti ukwati wanga ukuweruzidwa ndi bisiketi.

Kadzanja kamanzere kanadzuka kokha. Mwana anakagwira ndi linzake, nkukamenya.

"Ili loipa, ababa," anatero.

Bambo ake anamukokera pamwendo, natsegula zala zakumanzere zija chimodzichimodzi, naikamo bolashayo.

"Manja onsewa ndi anga. Idya, mwanawe."

Mwana anayang'ana agogo ake. Anasamutsira bolasha kudzanja lamanja, lamanzere nkulikhalira.