Chala Chanu M'mbali mwa Chithunzi

Ababa, lero chakwana chaka chitisiyireni. Amayi anandituma kumsika kuti ndikaike mu felemu chithunzi chomaliza chimene munajambula, cha phiri la Zomba litafunda nkhungu. Anati ndisankhe yonyezimira ngati golide, alendo aziona kuti timakulemekezani. Wogulitsa atayesa, chithunzi chinakula pang'ono. Anatenga sizasi n'kunena kuti, "Tingodula m'mbalimu, mphwanga, palibe angadziwe." M'mbalimo ndi momwe muli chidindo cha chala chanu, pomwe munagwira penti isanaume. Ndinamulanda chithunzicho.

Ndinakumbukira tsiku lija pakhonde pathu ku Likangala, mukuyesa timatabwa mozungulira chithunzi china. Munandifunsa kuti, "Diso lako layamba kuona chiyani?" Ndinati thabwalo. Munaseka n'kuti, "Ndiye kuti ndi lamwano, lichotse." Munasankha la paini, losapaka kanthu, ndipo phiri linaoneka. Ndabwerera kunyumba popanda felemu, ndipo amayi sakundilankhula. Mawa ndikaweruka kusukulu ndipita kwa kalipentala ndi muyezo wanga. Matabwa ndi amene adulidwe, Ababa. Chala chanu chikhala momwemo.