Mapazi Anga ndi Matope a ku Kanyama

Ndikukumbukira kuti ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, mu Kanyama monse munalibe mwana wodana ndi dothi ngati ine. Phazi langa likangokhudza pansi popanda nsapato, ndinkamva ngati ndaponda linthumbu, ndipo ndinkakuwa mpaka agalu a kwa aneba kuyankhira. Azimayi a pampopi ananditcha Madamu wa ku Kabulonga, dera la anthu olemera. Ankati ndi matama, ine n'kusowa mawu owauzira kuti zinkandipwetekadi.

Chaka chimenecho kampani imene atate ankagwirako ntchito inagulitsidwa, iwo n'kubwera kunyumba ndi ovolosi yokha. Nsapato zanga zansalu zinali zitandithina kale. Atate anazidula kutsogolo kuti zala zipume, koma posakhalitsa zinang'ambikiratu, ndipo zatsopano panalibe pozitenga. Sukulu inkatsegulidwa mu Januwale, mvula ili pakati. Panali ziwiri basi: kuponda matope monga anzanga, kapena kukhala pakhomo chaka chonse. Sukuluyo ndinkaifuna ndi mtima wonse, moti ndinkalira ndikaona yunifomu yanga ili pamsomali.

Amayi anandibereka, msinkhu wonsewo, mpaka kuchipatala, kuchipinda kumene ankathandizirako ana ovutika kuyenda. Tinapezako ba Tembo, mayi wamfupi woseka mokweza. Atandipempha phazi ndinatsinzina, kudikira moto. Koma iwo analifumbata ndi manja awiri n'kulifinya ngati chovala chochapa. Sizinapweteke! Ndinawapatsa linalo ndekha.

"Imwe mumamugwira bwanji kunyumba?" anawafunsa amayi anga.

"Pang'onopang'ono chabe. Nimamumvera chifundo."

"Ndiye vamene vimubaba ivo. Thupi yake imamvera maningi tuvinthu tung'ono. Mugwireni na mphamvu. Si matama, ni mwamene anabadwira."

"Manje kulibe nyeleti?" anafunsa amayi, akunena jakisoni.

"Nyeleti ni imwe na batate bake," anatero ba Tembo akuseka, kenaka anawafotokozera zokachita kunyumba.

Amayi anang'ung'udza njira yonse kuti tayenda ulendo wonsewu kukangofinyitsa phazi. Koma atate, amene manja ankawayabwa chifukwa chosowa chochita, anaitenga ngati ntchito yolembedwa. Kuseri kwa nyumba anandiyalira kamsewu: thumba la ufa, katoni, zitsononkho, mchenga, ndipo kumapeto beseni la matope. M'mawa uliwonse ankayamba andifinya mapazi ndi manja awo okhakhala aja, onunkha girizi ngakhale ntchito inatha. Lamulo la ba Tembo linali lakuti wina asandikankhe. Polekezera ndinkasankha ndine.

Pathumba pokha ndinachedwapo zedi. Ana a m'mudadada mwathu, mzere wa nyumba zogundizana, analowerera, nausandutsa msewuwo masewera, ndipo ine nsanje inandigwira poona anzanga osadwala akudyerera mankhwala anga. Tsiku lina, ndi mkwiyo womwewo, ndinadumphira pamchenga mwamphamvu. Ndinaima duu. Kunyerenyetsa kunalipo, koma kopiririka. Ndinazindikira kuti ndikanyang'ama dothi linkandiluma, koma ndikadinda phazi lonse linkandileka. Titabwerera kwa ba Tembo ndi nkhaniyi, anawomba m'manja nati, "Ndiye uziyenda monga msilikali!"

Tsiku lotsegulira sukulu kunacha ndi mvula yowaza. Ndinaima pakhomo, matope ali tho mpaka kumsewu. Azimayi a pampopi anasiya zidebe kuti aone Madamu. Atate anangovula nsapato zawo zokhazo, kuzipatsira amayi, kupinda buluku, n'kuyamba kudinda: phwa! phwa! Ndinawatsatira. Matope anali ozizira, onyansa, olowa pakati pa zala, ndipo misozi inatuluka ndithu, koma sindinaime. Pofika pamsika anthu anali akutiimbira mluzu, ife awiri tikuguba ngati asilikali opanda mfuti. Ndinalowa m'kalasi ndili matope mpaka m'mawondo, ndikuseka.

Sindinachire, ndisaname. Mpaka lero sindiyenda m'nyumba popanda masokosi, ndipo ana anga amandiseka. Koma tsopano ndimadziwa kuti mwana akamakuwa ndi chinthu chimene ena sachimva, sikuti akudzikweza. Akunena zoona za thupi lake. Ambiri anandiuza kuti matope saluma. Amene anandifikitsa kusukulu ndi munthu amene anakhulupirira kuti amandilumadi, navula nsapato kuti atilume tonse.