Kugawa mabuku a malemu ku Greenwich

Ntchito yochotsa katundu m'nyumba za anthu omwalira ndinaipeza kutchalitchi ku Woolwich, kuno kudziko la azungu. Amuna anga anali atangomwalira kumene. Iwo ndiwo ankagwira ntchito yosamalira odwala, ine ndinkangokhala pakhomo, ndipo sukulu ndinalekezera kupulayimale. Maliro atatha ndinkalephera kukhala pansi. Ndinkakolopa pokolopa kale, kapena kukwera basi popanda kopita. Mayi wina wa kutchalitchiko atandiona anati, "Inu mupenga. Mwana wanga ali ndi vani, akufuna munthu womuthandiza."

Mwanayo ndi Dalitso, wobadwira konkuno, wa Chichewa chotsimphina. Tsiku loyamba anandipatsa magolovesi, tepi, kampeni kodulira makatoni ndi timapepala tomata pakatundu. Kobiriwira ndi ka katundu wopita kushopu ya zachifundo, kachikasu wokagulitsa, kofiira wokataya kudzala la khonsolo. Timayambira chipinda cham'mwamba n'kumatsika. Mbale timakulunga m'nyuzipepala, mabuku timaika m'makatoni ang'onoang'ono chifukwa amalemera, zithunzi ndi mankhwala timapereka kwa eni ake.

"Anti, lamulo ndi limodzi," anatero. "Osacheza ndi kasitomala. Akayamba kulira, tigona pomwepo."

Manja anazolowera msanga, koma mtima ayi. Kwathu ku Dedza katundu wa malemu sanyamulidwa ndi alendo. Abale amakhala pansi, wina n'kukweza chinthu, kuchitchula, n'kunena woti achitenge. Kuno ndinkangolonga zinthu za munthu m'matumba akuda, osadziwa ngakhale nkhope yake.

Ndinali ndikadali poyesedwa pamene tinapita kunyumba ina ku Greenwich. Mayi wa panyumbapo anali atamwalira, ndipo amuna awo, a Duncan, nkhalamba ya ku Scotland, ankasamukira kunyumba yosamalira okalamba. Mwana wawo, amene amakhala ku Canada, analamula pafoni kuti zonse zichoke tsiku lomwelo. Dzala la khonsolo limatseka madzulo, choncho Dalitso ankangotikuwira ine ndi anyamata ake onyamula kuti tifulumire.

A Duncan anakhala pampando pakati pa balaza atavala kale jekete, ife tikuwazungulira ngati chitsa. Ndinafika pashelefu. Panali mzere wa mabuku akale, lililonse la mtundu wakewake, lofiira, lobiriwira, lachikasu, lotuwa. Anali ong'ambika, ena atalembedwa ndi makrayoni a ana, ndiye Dalitso anali atamatapo kale kofiira. Nditanyamula loyamba, nkhalamba ija inakoka mpweya ngati ndaiponda phazi.

Ndinaima buku lili m'manja. Ndinkadziwa kuti ndikatsegula pakamwa ntchito ingathere pomwepo, ndipo panalibe ina yondidikira. Ndinaliika m'katoni, ndinalitulutsanso. Kenako ndinagwada pambali pa mpando wawo n'kufunsa m'Chingerezi changa chothyokathyoka.

"Bambo, mabuku awa mayi anasiyira ndani?"

Anandiyang'ana. "Palibe wandifunsapo," anatero.

Anandifotokozera kuti ndi mabuku a nthano. Amene anazisonkhanitsa ndi mlembi wina wa kwawo ku Scotland wa kalekale, kuchokera kwa anthu a mitundu yambirimbiri. Mlembiyo ankati anthu a kutali ndi kutali amasimba nthano zofanana, ndipo ankalembanso za miyambo yawo. Malemu akazi awo anakhala zaka zambiri akuwerengera nthanozo ana a mumsewu umenewo pabalaza pomwepo.

"Kodi kwanu mumatani ndi katundu wa munthu akamwalira?" anandifunsa.

Ndinawauza. Anamenya ndodo yawo pansi. "Tichite zomwezo."

Dalitso anasuzumira pamasitepe atasenza matiresi. "Anti! Mwayambitsanso maliro ena?"

"Tikugawa katundu, mwanawe. Ukafunse amayi ako."

"Amayi anga sayendetsa vani!"

Ndinavula magolovesi n'kutuluka. Ndinagogoda khomo ndi khomo, maso ali kuvani yomwe inali isanadzaze n'theka lomwe. Ena sanatsegule. Wina anandiyesa wopempha thandizo. Koma anabwera ndithu: mayi wina akukankha mwana pangolo, bambo wamkulu thupi wokonza magalimoto manja ali bii, ndi ena amene anakulira mumsewuwo. Mipando inali itapita kale, choncho anakhala pansi.

Ine ndinkakweza buku, a Duncan n'kutchula dzina. "Lobiriwiralo ndi la Sharon uyu. Ankathawira kuseri kwa katani mfiti ikangotchulidwa." Anthu anaseka. Bambo wa magalimoto uja analandira lake ndi manja awiri, atawapukuta kaye pamalaya. Lotuwa anati litumizidwe kwa mwana wawo ku Canada, mwiniwake alifune asalifune. Lomaliza analiika pamiyendo pawo, ine sindinafunse.

Pamene tinkamaliza kulonga, dzala linali litatseka. Dalitso anaimbira mwana wa a Duncan kupepesa, ndipo ndinkamva mawu a munthuyo akukalipa ndili panja. Tinabwerera ku Woolwich. Potsika Dalitso anati, "Anti, mawa musabwere."

Ndinakhala pakhomo masiku angapo, foni ili m'manja. Sindinadandaule kwa amayi ake, chifukwa lamulo anandiuza ndipo ndinaliphwanya ndikudziwa. Kenako m'mawa wina anaimba ali ku Romford. Mayi wina wamasiye anali atadzikhomera m'nyumba, akukana kuwatsegulira, vani itatseka msewu.

"Anti, kwerani sitima mubwere," anatero. "Mulowe inuyo kaye. Ife tidikira panja."

Mayiyo ananditsegulira. Tinakhala kukhitchini, ndipo ankangofuna kuti wina amve za nsapato za amuna ake zisanatuluke pakhomo. Atatha kunena, anathandiza yekha kumanga makatoni.

Mpaka lero ndimalowa ndine woyamba, wopanda katoni m'manja. Dalitso amadandaulabe kuti ndimachedwetsa ntchito, ndipo nthawi zina amanena zoona. Koma chimene ndinaphunzira n'chakuti m'nyumba ya maliro mumakhala munthu wamoyo, ndipo usananyamule ngakhale supuni, uyambe wamufunsa iyeyo.